Phunziro 1: Sabata Yoyamba ya Caka

Inu mphunzitsi, m'mwezi wa Januwale nchito idzakuculukirani: kulemba maina m'kaundula, kugawa mabuku, ndi kukonzekera maphunziro. Mu 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, ana anaculukanso kwambiri m'makalasi. Komabe musanyalanyaze nchito yoposa zonsezi, ndiyo kumvetsera malankhulidwe a ana.

Mwana wa ku Kabwata kapena ku Chelstone adzati "manje nifuna", pamene buku likuti "tsopano ndifuna". Wina wa ku Kabulonga mwina anazolowera Cingerezi. Musawadzudzule, pakuti mwana wocititsidwa manyazi sayankhanso m'kalasi. Landirani yankho lake, kenaka mulibwereze m'Cinyanja ca m'buku.

Zocita: Lembani mau 10 otere amene mwamva kwa ana, ndipo pambali pake muike mau a m'buku ofanana nawo tanthauzo.