Phunziro: Galasi Lobweza Kuwala kwa X-ray

Khalani chete, tsegulani makope. Amene munajambulitsapo pachifuwa kuchipatala cha Gulupu mukudziwa kuti X-ray imapyola mnofu n'kuonetsa mafupa. Funso la lero nali: kuwala kolowerera chonchi, asayansi amakubweza bwanji pagalasi kuti ajambulire zakumwamba?

Tiyambe ndi chimene amavutikira. X-ray anaitulukira Wilhelm Röntgen mu 1895, koma kumwamba imachokera ku mpweya wotentha madigiri mamiliyoni, monga umene umatsala nyenyezi ikaphulika. Mpweya wokuta dziko lathu umaimeza yonse isanafike pansi. Ngakhale mutachoka kuno ku Machinjiri n'kukakwera pansonga pa phiri la Ndirande, simungaipeze. Makina ake amayenera kukwezedwa mumlengalenga ndi roketi. Setilaiti yoyamba ya ntchitoyi, Uhuru, inanyamukira kugombe la Kenya, pafupi ndi Malindi, pa 12 Disembala 1970. Inapeza malo 339 otulutsa X-ray, koma inalibe galasi, choncho sinkajambula chithunzi.

Tsopano tcherani khutu. Mwala mukauponya chotsitsa padziwe, umamira. Mukauponya chopendekera, mokhudza pamwamba pokha, umadumpha. X-ray imachitanso chimodzimodzi. Ikafika molunjika pagalasi, imalowa n'kuthera momwemo. Ikangolikhula cham'mbali pa ngodya yaing'ono kwambiri, imabwerera.

Mu 1952 Mjeremani wina, Hans Wolter, anaonetsa kuti kuwalako kukakhula kawiri, pamagalasi awiri otsatizana opindika mosiyana, kumakasonkhana pamalo amodzi n'kupanga chithunzi. Galasi lotere silikhala lafulati. Limakhala chubu chotseguka uku ndi uku, chocheperako pang'ono kumbuyo, ndipo kuwala kumagunda khoma lake lam'kati. Popeza chubu chimodzi chimagwira kuwala kochepa, amalowetsa china m'kati mwa chinzake.

Apa ndiye pagona nkhani. Telesikopu ya Chandra, imene NASA inakweza mu Julaye 1999, ili ndi magalasi anayi okha otere, lililonse la zigawo ziwiri. Ndi ochindikala, osalazidwa mosamala ndi okutidwa ndi chitsulo cha iridium. Lalikulu ndi mamita 1.2 mulifupi, ndipo X-ray imalikhudza pa ngodya yosakwana digiri imodzi. Zithunzi zake n'zooneka bwino kwambiri, koma magalasiwo ndi olemera. Mu Disembala chaka chomwecho mayiko a ku Ulaya anakweza XMM-Newton. Iyo ili ndi matelesikopu atatu, iliyonse ya machubu 58 opyapyala a nickel okutidwa ndi golide. Imasonkhanitsa kuwala kochuluka, koma zithunzi zake sizifika pa za Chandra, chifukwa galasi lopyapyala silichedwa kupindika.

Ntchito ya akatswiri lero ndi kupeza zonse ziwiri: galasi lopepuka loti roketi inyamule ambiri, komanso losapindika. Ayamba kugwiritsa ntchito silicon, imene amapangira tizipangizo ta m'mafoni ndi makompyuta. Ku NASA Goddard amadula ndi kusalaza timapale take topyapyala, pamene ku Ulaya amatisanjikiza pokonzekera telesikopu ya NewAthena.

Ntchito yakunyumba: tengani rula ndi pulotirekita, mujambule mizere iwiri ya masentimita 30 yoyambira pamalo amodzi, yotalikirana digiri imodzi. Muyeze mpata wake kumapeto, kenako mulembe ziganizo zitatu zofotokoza chifukwa chimene galasi la X-ray limakhalira chubu. Makope ndiwapeze patebulo panga mawa m'mawa.