Phunziro la Lero: Mazira a Nkhwazi

Tiwerenge pamodzi:
nkhwa-zi, chi-sa, dzi-ra, chi-go-ba, ma-nkhwa-la.

Amayi ndi abambo, tonse timaidziwa nkhwazi. Imakhala pafupi ndi madzi, monga ku nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa. Chakudya chake ndi nsomba. Imamanga chisa chachikulu cha timitengo pamwamba pa mtengo wautali, ndipo imabwerera pa chisa chomwecho chaka ndi chaka. Imaikira dzira limodzi, awiri kapena atatu, n'kuwafungatira milungu 6.

Amene amaweta nkhuku amadziwa kuti dzira la chigoba chopyapyala silichedwa kusweka. Lero tiphunzira mmene mankhwala ophera tizilombo amawonongera mazira a mbalame za m'tchire.

Zimene zinachitika ku Kariba

Kariba ndi nyanja yaikulu pa mtsinje wa Zambezi, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe. Madzi ake amatsikira ku Cahora Bassa, kenako amadutsa m'malire a chigawo chathu cha Zambezia. Kwa zaka zambiri anthu ku Zimbabwe ankapopera mankhwala otchedwa DDT pa mitengo kuti aphe kashembe, ntchentche yopatsa ng'ombe matenda. Ankapoperanso m'minda.

Mu 1989 ndi 1990 akatswiri anatenga mazira m'zisa za nkhwazi ku Kariba n'kuwayeza. M'chisa chilichonse anapezamo zotsalira za DDT. Chakum'mawa kwa nyanjayo zigoba zinali zitapyapyala kwambiri. Nkhwazi sizinathe ku Kariba, koma mazirawo anali chenjezo.

Palibe amene anapopera nkhwazi. Nanga poizoni analowa bwanji m'dzira?

Ulendo wa poizoni

1. Mvula imakokolola mankhwala kupita nawo kumtsinje.
2. Tizilombo ta m'madzi timawadya.
3. Nsomba imadya tizilombo tambiri.
4. Nkhwazi imadya nsomba zambiri.

DDT sawola msanga. Amakhala m'mafuta a m'thupi, ndipo amachulukirachulukira pa ulendowu. Wodya pomaliza ndiye amalandira wambiri. M'thupi la nkhwazi yaikazi, poizoniyu amasokoneza kapangidwe ka chigoba. Mayi akakhalira dzira, limasweka kapena kusukusa.

Ku America zinafika poipa. Mu 1963 munatsala mabanja 417 okha a nkhwazi ya kumeneko m'zigawo 48 za dzikolo. Mu 1972 boma linaletsa DDT m'minda. Pang'onopang'ono zigoba zinalimbanso, ndipo mu 2007 mbalameyo inachotsedwa pa mndandanda wa nyama zimene zingathe. Apa tikuona kuti poizoni akaleka, mbalame zimaswananso.

Mu 2001 mayiko anasaina pangano ku Stockholm. Panganoli limaletsa DDT m'minda. Limangolola kupopera m'nyumba polimbana ndi matenda monga malungo. Choncho mankhwala opopera m'nyumba asapite kumunda kapena kudimba, ngakhale wina atatigulitsa motchipa.

Kwathu kuno ku Molumbo

Ife timalima chimanga, nandolo, soya ndi fodya. Ambiri timagula mankhwala a mbozi, a nsabwe za m'masamba ndi a makoswe. Ambiri mwa mankhwala a lero sakhalitsa m'nthaka ngati DDT, komabe amafika m'chisa.

Mbalame zing'onozing'ono zambiri zimadyetsa ana awo mbozi ndi ziwala. Tikapopera mopitirira muyeso, makolo amasowa chakudya, ana n'kufera m'chisa. Njiwa ndi nkhanga zimatola mbewu zothira mankhwala zimene tasiya poyera. Kadzidzi akadya khoswe wofa ndi poizoni, nayenso amadwala, ndipo ana ake amatsala okha. Mbalamezi zikachepa, mbozi ndi makoswe zimachuluka, nkhokwe zathu n'kupepuka.

Tichite chiyani?

1. Tiwerenge malangizo a pa botolo. Amene sanathe kuwerenga afunse mnzake wa m'kalasi kapena mlangizi wa zaulimi.
2. Tithire muyeso wolembedwa, osawonjezera.
3. Tisapopere kukamawomba mphepo kapena mvula ikamabwera.
4. Tisatsuke chopopera mumtsinje kapena pachitsime.
5. Tisaphe nsomba, mbewa kapena mbalame ndi poizoni. Zimene zapha nyamayo zimalowanso mwa ana athu.
6. Tikwirire bwino mbewu zothira mankhwala.
7. Tisadule mtengo umene muli chisa.

Tikambirane

Kodi ndi mbalame ziti zimene zinali zambiri kale, koma lero zachepa m'mudzi mwathu?
Kodi mabotolo a mankhwala akatha timawataya kuti?
Madzi otsukira chopopera amathera kuti?

Tilembe m'makope athu

Nkhwazi imadya nsomba.
Poizoni amawononga dzira.
Ndisanapopere, ndimawerenga.