Tisanachotse Phapo, Tiwerengere Mpweya Wotsala

Munthu wodwala khansa ya m'mapapo, kapena amene phapo lake linawonongeka ndi chifuwa chachikulu cha TB, nthawi zina amafunika opaleshoni yochotsa mbali ya phapolo. Dokotala asanagwire mpeni, pali funso loyenera kuyankha: kodi mapapo otsalawo adzamukwanira munthuyu? Tikalakwitsa, chotupa chingachoke ndithu, koma wodwala n'kutsala akubanika ngakhale posamba, kapena kulephera kuchoka pa makina othandiza kupuma.

Timayamba ndi spirometer. Wodwala amakoka mpweya wambiri n'kuuzira mwamphamvu m'chipangizochi. Mpweya umene watuluka pa sekondi yoyamba umatchedwa FEV1, ndipo timauyerekeza ndi wa munthu wathanzi wofanana naye zaka ndi kutalika. Muyezo wina, DLCO, umasonyeza mmene mpweya ukulowera m'magazi.

Kenaka timawerenga tizigawo. Mapapo onse awiri ali ndi tizigawo 19. Kumanja, chigawo chapamwamba chili ndi 3, chapakati 2, chapansi 5. Kumanzere, chapamwamba chili ndi 5, chapansi 4. Timachulukitsa FEV1 ndi tizigawo totsala, n'kugawa ndi 19.

Tiyerekeze kuti bambo wina FEV1 yake ndi 76 peresenti, ndipo achotsedwa chigawo chapansi cha kumanja. Tizigawo totsala ndi 14. Tikachulukitsa 76 ndi 14 n'kugawa ndi 19, tipeza 56 peresenti. DLCO timaiwerengera chimodzimodzi. Koma tisamale: kachigawo kotsekeka kale ndi chotupa kapena zipsera za TB sikapuma, choncho sitikawerengera. Ngati akuchotsa phapo lonse, madokotala amadalira sikani yoonetsa magazi opita ku phapo lililonse.

Malangizo a American College of Chest Physicians a mu 2013 amati miyezo yonse iwiri ikaposa 60 peresenti, chiopsezo n'chochepa. Umodzi ukakhala pakati pa 30 ndi 60, monga wa bambo uja, wodwala akwere masitepe; akapitirira mamita 22, n'zolimbikitsa. Ukatsika pansi pa 30, pamafunika kuyeza mtima ndi mapapo pamodzi iye akupalasa njinga ya m'chipatala.

Pa Luka 14:28 Yesu anaphunzitsa kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo. Masamuwa ndi kuwerengera komweko, koma mtengo wake ndi mpweya wa moyo umene Mulungu anauzira mwa munthu. Tikapeza nambala, tikhale pansi ndi wodwala ndi abale ake, tiwafotokozere m'Chichewa chomveka, asankhe akudziwa.

Abale ndi alongo mumpingo, nafenso tili ndi gawo. Fodya amatsitsa FEV1 mwakachetechete kwa zaka zambiri, mpaka munthu amalephera kuyenerera opaleshoni yomwe ikanamupulumutsa. Tikathandiza mnansi kusiya kusuta lero, tamusungira mpweya wa mawa.