Mmene Mwana Wanu Angalembere Makro Yake Yoyamba Pakhomo

Ana athu ambiri ku Chadiza amakumana ndi kompyuta kusukulu, koma kawirikawiri amathera pa kutayipa. Ngati pakhomo pali laputopu, ngakhale yakale, mwana angathe kupita patsogolo, n'kuphunzitsa kompyutayo lamulo latsopano lomwe inalibe. Lamulo lotero limatchedwa makro.

Zinenero za kompyuta za banja la Lisp ndizo zimachita bwino ntchitoyi. Lisp anaiyambitsa John McCarthy ku MIT mu 1958, ndipo Timothy Hart anabweretsamo makro mu 1963. M'zinenerozi pulogalamu imalembedwa ngati mndandanda wa m'mabulaketi, choncho pulogalamu ina imatha kuitenga, kuisanja mwatsopano, n'kuibweza isanayambe kugwira ntchito.

Choyamba, koperani Racket, mdzukulu wa Lisp kudzera mwa Scheme wa 1975. Ndi yaulere, imabwera ndi polembera potchedwa DrRacket, ndipo mukaiika safunanso intaneti. Kopani tsiku lomwe netiweki ili bwino, laputopu muitchaje malaiti asanathime.

Chachiwiri, mwana ayambe walemba pakope zomwe akufuna kuti kompyuta izichita. Tinene kuti kaundula wa matumba wasokonekera: chiwerengero cha chimanga chalowa pa mtedza, cha mtedza pa chimanga. Kusinthanitsa kuli ngati kusintha ufa wa m'malichero awiri: pamafunika lachitatu lotsanuliramo kaye. Pawindo lapamwamba la DrRacket alembe izi:

#lang racket
(define-syntax-rule (sinthana a b)
  (let ([kaye a])
    (set! a b)
    (set! b kaye)))
(define chimanga 5)
(define mtedza 12)
(sinthana chimanga mtedza)
chimanga

Akadina Run, patuluka 12. Mzere wachiwiri ndi chikombole cha lamulolo, ndipo mizere itatu yotsatira ndi yomwe imaikidwa paliponse pamene palembedwa sinthana. Fankishoni, lamulo wamba la m'pulogalamu, sangathe ntchitoyi, chifukwa amalandira manambala okha, 5 ndi 12, osadziwa mayina omwe anawasunga. Makro imalandira mayina enieniwo.

Chachitatu, adine Macro Stepper. Batani limeneli limaonetsa sitepe ndi sitepe momwe mzere umodzi wa sinthana ukufutukukira. Khalani naye pamenepa, ayerekezere ndi zija analemba pakope. Zikasiyana, afufuze cholakwa m'mizere ya makroyo kapena pakopepo.

Chachinayi, ayese kuisokoneza dala. Pa mizere ya m'munsi asinthe dzina la mtedza likhale kaye. Yankho likhalabe 12, chifukwa Racket imasiyanitsa kaye wa mkati mwa makro ndi kaye wa mwanayo. Chitetezo chimenechi anachifotokoza Eugene Kohlbecker ndi anzake mu 1986. Mu Common Lisp, chinenero china cha banjali, wolemba makro ndi defmacro amadziteteza yekha popanga dzina lapadera ndi gensym, apo ayi manambala amasokonekera mwakachetechete.

Chenjezo lalikulu ndi ili: mwana akangolawa makro amafuna kuiika paliponse. Muletseni. Kuwonkhetsa makilo a matumba a 50 kg ndi ntchito ya fankishoni, yosavuta kuwerenga ndi kukonza. Makro aisungire pamene fankishoni walephera.

Kholo simufunika kudziwa Lisp kuti muthandize. Mufunseni kuti akufotokozereni m'Chichewa chomwe mzere uliwonse usanduke asanadine Run. Akakakamira, abwerere kukope; akafotokoza bwino, mupatseni ntchito yosinthanitsa mayina atatu.