PHUNZIRO LA ZA UMOYO: KUPWETEKA KWA M'MIMBA KOBWERA NTHAWI NDI NTHAWI

Ku chipatala cha boma ku Chitipa, monganso ku zipatala zina, kumafika anthu amene avutika m'mimba miyezi yambiri. Akapimidwa chimbudzi, njoka sizipezeka. Magazinso ali bwino. Tsono ena amabwerera kumudzi nanena kuti alodzedwa, nayamba kukayikira abale awo. Komatu nthenda imeneyi madokotala amaidziwa. Pa Chingerezi amaitcha irritable bowel syndrome, ndiko kunena matumbo osachedwa kunyanyuka.

Kodi zizindikiro zake nzotani?

Chachikulu ndicho kupweteka kwa m'mimba, kumene kawirikawiri kumachepa munthu akachita chimbudzi. Wina amatsegula m'mimba, wina amadzimbidwa, winanso ziwirizi zimasinthana. Mimba imafufuma ndi mpweya, ndipo pochoka kuchimbudzi munthu amamva ngati sanamalize. M'chaka cha 2016 akatswiri a bungwe la Rome Foundation anaika muyeso uwu: ululu uzibwera tsiku limodzi kapena kuposa pa sabata kwa miyezi 3, vutolo litayamba miyezi 6 yapitayo.

Nanga chimayambitsa nchiyani?

M'matumbomo mulibe chilonda kapena chotupa. Chimene chasokonekera ndicho kumvana kwa ubongo ndi matumbo. Matumbo amakankha chakudya mofulumira kapena mochedwa, ndipo mitsempha yake imamva kuwawa ngakhale ndi mpweya wochepa. Mwa anthu 10 amene adwala kamwazi kapena kutsegula m'mimba kwa tizilombo, pafupifupi mmodzi amatsala ndi vutoli atachira. Nkhawa ndi chisoni zimalikulitsa, ndipo limagwira akazi koposa amuna. Zakudya zina zimaliutsa mwa anthu ena: nyemba, kabichi, anyezi, mkaka, mowa, ngakhale khofi wabwino uja wa ku Misuku.

Kodi ndi liti pamene munthu sayenera kuchedwa?

Nthendayi siipha, ndiponso siisanduka khansa. Koma magazi m'chimbudzi, kuwonda, kutentha thupi, kuchepa magazi, kutsegula m'mimba kodzutsa usiku, kapena vuto loyamba munthu atapyola zaka 50, zimenezi si zake ayi. Zingakhale chifuwa chachikulu cha m'matumbo, HIV kapena khansa. Wotereyu apite kuchipatala msanga.

Wodwala amene dokotala wamupima bwinobwino asaleke nyemba ndi ndiwo zonse nthawi imodzi. Asiye chakudya chimodzi kwa masabata angapo, aone ngati pali kusintha. A pabanja pake asamuyese wonamizira, pakuti ululu wake ndi weniweni. Ndipo iye mwini asaloze chala mnansi wosalakwa.