Lowezani, Koma Muzifunsanso Chifukwa Chake

Ana anga a ku Thamesmead, inu amene munabadwira kuno ndi inu amene munachoka ku Blantyre, Lilongwe kapena Chipata mutayamba kale sukulu, tiyeni tikambirane za kaphunziridwe kanu. M'mawa m'basi mumakhala ana asukulu atagwira timakadi, kuno funso kuseri yankho, milomo ikungogwedezeka. Khama limenelo ndi lotamandika. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri a inu mukangolipeza yankho, nkhani imathera pomwepo.

Ife makolo anu sitikukakamizani kuloweza popanda chifukwa. Tinaphunzira titapanikizana m'kalasi, buku limodzi anthu angapo, aphunzitsi akulemba pabolodi ife tikukopera, usiku n'kumaloweza pa koloboyi. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere ku Malawi mu 1994, makalasi anadzaza koposa, ndipo mphunzitsi mmodzi sakanatha kumva maganizo a mwana aliyense. Mayeso a Sitandade 8 ndiwo ankasankha wopita ku sekondale, malo ali ochepa. Kuloweza kunatiwolotsa ambiri, n'chifukwa chake timakukhulupirira.

Kunonso mayeso safuna wogona. Kuyambira 2022, mwana wa Year 4 ku England amayesedwa kuchulukitsa manambala mpaka 12 kuchulukitsa ndi 12, mafunso 25, funso lililonse masekondi 6. Wofuna malo ku Bexley Grammar, Townley, Beths kapena Chislehurst and Sidcup amalemba mayeso a 11-plus. GCSE nayo inasinthidwa, ndipo kuyambira 2017 magiredi ndi 9 mpaka 1, pamene mbali yaikulu ya malikisi imachokera pa mayeso a kumapeto. Choncho lowezani, musachite manyazi. Mutu wopanda kanthu sungaganize chatsopano. Pa kafukufuku wa PISA wa 2022, ana a ku Singapore anatsogola pa masamu, n'kutsogolanso pa luso loganiza zatsopano. Kudziwa zambiri ndi kuganiza mozama zimayendera limodzi.

Koma zoloweza zili ngati chimanga cha m'nkhokwe: chimasanduka nsima pokhapokha wina akachikonola, kuchigayitsa ndi kuchiphika. Ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo palibe kakadi kangakuchitireni.

Tsiku limene ku Crossness Pumping Station kwatsegulidwa kwa alendo, pitani mukaone. Ndi pafupi pomwepa, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. M'katimo muli makina anayi akuluakulu oyendera nthunzi, zitsulo zake zosemedwa maluwa ndi kupakidwa utoto wofiira, wobiriwira ndi wagolide, chikhalirecho ntchito yake inali yopopa zonyansa za m'zimbudzi za London. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1865 monga mbali ya ngalande zimene Joseph Bazalgette anakonza. Masiku amenewo madokotala ophunzira bwino ankaphunzitsana kuti kolera imabwera ndi mpweya wonunkha. Wophunzira akanalemba zimenezo pa mayeso akanakhoza. Dokotala wina, John Snow, sanakhutire nalo yankholo. Kolera itabuka ku Soho mu 1854, anafufuza nyumba zimene munachitika maliro, n'kuona kuti ambiri mwa omwalirawo ankamwa madzi a pampu imodzi ya pa Broad Street. Anachonderera akuluakulu a dera kuti achotse chogwirira cha pampuyo. Snow anamwalira mu 1858 anzake ambiri asanamuvomereze, koma lero aliyense akudziwa kuti kolera imayenda ndi madzi oipa. Snow ankadziwa zonse zimene anzake analoweza. Chimene anawonjezera ndi funso lakuti, kodi zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndikuona?

Kwathu nakonso chitsanzo chilipo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Mu laibulale yaing'ono anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi mpaka atamvetsa mmene mphepo ingapangire magetsi. Anatola zitsulo zotayidwa, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugama, n'kumanga makina amene anayatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Palibe anamupatsa malikisi pa ntchitoyo. Pambuyo pake anabwerera kusukulu mpaka anamaliza digiri ku Dartmouth College mu 2014, chifukwa iyenso anaona kuti nzeru zobadwa nazo zimafuna maphunziro.

Tsono muzichita izi. Mukamaliza kuwerenga mutu, tsekani buku, mufotokozere mng'ono wanu kapena amayi anu m'mawu anuanu, ngati n'kotheka m'Chichewa. Pamene lilime lagwira, pamenepo ndi pamene simunamvetse, bwererani pomwepo. Pa masamu, musanagwiritse ntchito fomula, funsani kumene inachokera, kenako sinthani nambala imodzi n'kulosera chimene chichitike musanawerengere. Pa mbiri yakale, chaka chilowezeni, koma funsaninso kuti analemba nkhaniyi ndani ndipo anasiya mawu a yani. Phunziro la sayansi ya malo muliyese pa dera lanu lomwe: n'chifukwa chiyani nyumba zoyamba za Thamesmead, zomangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, zinali ndi magalaja pansi, anthu n'kumakhala pamwamba? Mukafufuza mupeza kuti kuno kunali dambo, ndipo omangawo ankakumbukira madzi osefukira a 1953. Yankho limene mwalikumba nokha silichoka m'mutu mayeso akatha.

Inu amene mwafika ku koleji ndi ku yunivesite, dziwani kuti kumeneko kubwereza mawu a m'buku sikukufikitsani patali. Aphunzitsi amafuna kuona kuti mwawerenga olemba awiri osagwirizana, mwayeza umboni wawo, ndipo mwaima mbali ina ndi zifukwa zanu. Chiyambireni ChatGPT kumapeto kwa 2022, pabwera chiyeso china: kupereka nkhani yosalala imene simunaiganize n'komwe. Woloweza amatsala ndi kanthu m'mutu, koma wokopera ku makina amatsala chimanjamanja, ndipo akagwidwa akhoza kuchotsedwa sukulu. Lembani kaye maganizo anu, ngakhale akhale okhotakhota, kenako muwakonze.

Ndikudziwa kuti tinakulerani kuti mwana sayankha akulu. Ulemu umenewo usungeni, koma musausokoneze ndi mantha. Kukweza dzanja n'kunena kuti, “Pepani aphunzitsi, apa sindinamve, ndipo ine ndikuona mwina,” si mwano. Akuluakulu omwewo anati safunsa anadya phula. Makolo anu akakufunsani kuti mwapeza giredi yanji, auzeni mosabisa, kenako muwafotokozerenso chinthu chimodzi chimene mwamvetsa sabata imeneyo. Pang'onopang'ono adzayamba kufunsa zonse ziwiri.

Satifiketi idzakulowetsani pa ntchito, ndipo muifunefune ndi mphamvu zanu zonse. Koma tsiku lina m'wodi ya chipatala, pa malo omanga nyumba kapena mu ofesi, mudzakumana ndi vuto limene silinabwerepo pa pepala lililonse la mayeso akale, anthu n'kukuyang'anani kuti tichite chiyani. Tsiku limenelo mudzadalira chizolowezi chofunsa, kuyesa ndi kuyesanso. Chizolowezicho sichibwera mwadzidzidzi munthu atakula. Chiyambeni pa homuweki ya usiku uno.