Phunziro 12: Kukasulitsa Mpeni

Kwa Malemia, m'boma la Nsanje, mpeni sugona. Msodzi amatumbulira mlamba wa mu Shire. Mayi amadulira mlaza wolukira mikeka.

Mipeni yambiri ya m'sitolo ndi yopyapyala. Ikakumana ndi fupa imapindika. N'chifukwa chake ena amapita kwa mmisiri wosula zitsulo. Lusoli si lachilendo kuno. M'chaka cha 1859, David Livingstone anapeza Amang'anja akusula makasu, mikondo ndi mipeni.

Mukafika musangoti, "Bambo, ndikufuna mpeni." Fotokozani ntchito yake. Jambulani pansi kutalika kwake. Mukagwirizana anthu asanu ofuna mtundu umodzi, mmisiri amakoleza moto kamodzi. Makala sawonongeka, ndipo mutha kunenerera mtengo.

Funsani za chitsulo. Chabwino ndi cha sipulingi ya galimoto yakufa. Cha mgolo ayi, n'chofewa, sichichedwa kubuntha.

Pagona ntchito ndi pa kulimbitsa. Mpeni ukafiira pamoto, mmisiri amauviika mu oyilo. Ena amauviika m'madzi, koma madzi amaziziritsa msanga, ndiye mpeni umatha kung'aluka. Kenaka amautenthetsanso pang'ono, mpaka mtundu wake ufanane ndi udzu wouma. Akapanda kutero, mpeniwo umathyoka ngati galasi. Apa musamufulumizitse.

Musanalipire, semani nawo kamtengo kouma ka tsanya. Yang'anani mbali yakuthwa. Ngati yabenthuka kapena yapindika, mpeniwo ubwerere kumoto. Gwedezaninso chigumbu, muone ngati chagwira.